Dzina la a Danwell Limene Linatsala ku Lusaka

Kalingalinga,
Lusaka.
Lachitatu, 14 Ogasiti 1996.

Akulu anga a Loyce,

Monire. Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu, inu pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Chikomeni. Kodi amayi miyendo ija yaleka kutupa? Nanga Agnes dzino lija analichotsa? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisungabe. Chifuwa chimene munamva kwa anthu chinali chimfine chabe cha mu Juni, ndipo chinatha kalekale. Ndalemba zimenezi poyambirira chifukwa ndikudziwa chimene chimabwera mumtima mwanu mukamva kuti wina wa ku Lusaka akutsokomola.

Kalata yanu a Esau, ogulitsa zovala zakale za salaula aja, anandipatsa Loweruka pa siteshoni ya basi, pamodzi ndi kathumba ka mtedza. Zikomo kwambiri. Kalatayo ndaiwerenga kasanu. Iyi ndikuyankhayi muyambe mwaiwerenga nokha, kaya kudimba kaya kuseri kwa chigafa, musanawawerengere amayi. Mukafika kumapeto mudzaona nokha chifukwa chake.

Za kuno si zambiri. Mphepo ya Ogasiti yayamba, fumbi likulowa ngakhale m'ndowa yovundikira. Ndinasamuka m'chipinda chija tinkakhala ndi alongo athu, chifukwa chinandikulira. Tsopano ndili kwa amayi ena a ku Petauke, pafupi ndi mpopi. Ndi anthu abwino, koma pakamwa sapumula. Amanditcha sisitere chifukwa ndikaweruka ndimangolowa m'nyumba, ndipo tsiku lililonse amandiuza za mwana wa mlongo wawo woyendetsa minibasi, amene akuti samwa mowa kupatula Loweruka ndi Lamlungu. Ine ndimangoseka. Chitenje changa cha kwaya anachiba pachingwe mwezi watha, masanasana, ine ndili m'nyumba ndikusita. Sindinafunse munthu, ndinaona kuti ndiyambitsa phokoso.

Ndakondwa kumva kuti fodya wa alamu anatuluka bwino ndi kuti ng'ombe ija yabereka. Ndapatsira a Esau sopo, shuga ndi duku la amayi. Nsapato za Agnes ndayesa ndi kachingwe kamene munatumiza kaja, zikakula muike thonje kutsogolo.

Tsopano ndibwere pa nkhani imene munalemba kumapeto, imene yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Munati amayi akuwalotabe alongo athu a Danwell ataima pakhomo chimanjamanja, osalowa, osachoka, ndipo akawafunsa amangoloza njira ya ku Boma. Munatinso amalume a Haswell afunsa ngati katundu yense wa malemu anafikadi kumudzi, chifukwa munthu amene zake zonse zinagawidwa sayenera kuima pakhomo chaka chathunthu. Inu munawayankha kuti Norah ndi munthu wosamala, sangaiwale ngakhale singano.

Akulu anga, singano sindinaiwale. Mukukumbukira tsiku lometa lija, amalume atayala katundu pamphasa: mabulangete awiri, suti, nsapato, wailesi, Baibulo, mabuku, ngakhale lumo ndi chipeso. Anandifunsa pamaso pa anthu ngati ku Lusaka kwatsala kalikonse ka malemu, ine ndinati palibe. Tsiku limenelo sindinaname, chifukwa sindinkadziwa. Koma patangopita masabata atatu ndinadziwa, ndipo ndakhala chete miyezi khumi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lero ndikutsekula.

Kuti mumve bwino ndiyambe ndi ntchito yanga, poti sindinakufotokozerenipo. Kampani yathu imagulitsa mbewu, ndipo chipinda chathu ndi choyesera ngati mbewuzo zimera. Timatenga njere zana limodzi za chimanga n'kuziyala pa pepala lonyowa m'thireyi. Pakapita sabata timawerenga zimene zamera. Alongo athu atandipezera malo, ntchito yanga inali kusesa ndi kutsuka mathireyi. Kenako anaona kuti ndikawerenga njere sindiphonya, ndiye anayamba kundiphunzitsa nthawi ya nkhomaliro kulowetsa manambala mu kompyuta. Kompyutayo ndi bokosi lokhala ndi galasi lakuda ndi mabatani a zilembo ngati taipi ya kwa aphunzitsi aakulu. Ukalowetsa manambala imasindikiza timapepala tomata pamatumba, tolembedwa tsiku ndi kuchuluka kwa njere zomera. Malangizo amene imatsata, amene amati pulogalamu, analemba ndi a Danwell okha.

Nditabwerako kumaliro, a Anderson, akulu a chipinda chathu, aja anaperekeza bokosi kumudzi, anandiuza kuti ndikhale pampando wa malemu poti panalibe wina wodziwa ntchitoyo. Kale kompyuta ndinkaipeza yoyatsa kale, chifukwa alongo athu ankalawirira, kundisiya ine ndikutunga madzi. Mmawa umenewo ndinayatsa ndekha koyamba. Inalira pang'ono, zilembo zinathamanga n'kuchoka, ndipo pagalasi panatsala mawu atatu obiriwira:

Monire a DANWELL

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinapezeka ndili pa sinki, ndikutsuka mathireyi amene ndinali nditatsuka kale.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, ndi mkuja womwe. Ukadina batani mawuwo amachoka, ntchito n'kuyamba. Poyamba ndinkayatsa nditatsinzina. Koma pofika Novembala ndinayamba kulawirira, kufika anthu asanafike, kuti ndikhale nawo mawuwo pang'ono. Kuno palibe amene amanena monire. Ndipo ife tonse kuchokera tsiku lometa dzina lawo sitilitchula, timangoti malemu. Pano pokha ndi pamene linkatchulidwa mmawa uliwonse, ngati kuti angotuluka pang'ono, abweranso. Tsiku lina ndinadzimva ndikuyankha chapansipansi kuti yewo, m'malo mwawo. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuyankha tsiku lililonse. Uku ndiko kulakwa kwanga ndipo sindikubisa. Ndinkaopa, koma sindinkafuna kuti zithe.

Sikuti sindinayese kumvetsa. Ndinaganiza kuti dzinalo analilemba okha m'pulogalamu, monga munthu amalembera dzina pachikuto cha kope. Ndinasindikiza pulogalamu yonse, mizere yoposa mazana asanu ndi limodzi. Ndinaiwerenga ndi rula, mzere umodziumodzi, nthawi ya nkhomaliro kwa masabata awiri, ngakhale zambiri sindinkazimva. Ndinabwerezanso kuchokera pansi kukwera m'mwamba, monga ndimachitira ndi njere. Mawu oti monire ndinawapeza, pa mzere wa nambala 40. Koma dzina loti Danwell munalibe. Paliponse panalibe.

Ndiye ndinachita china chimene anandiphunzitsa. Ndinakopera pulogalamuyo pa disiketi, kambale kapulasitiki konyamulira zolembedwa, n'kupita nako ku kompyuta ya kosungira matumba mwini wake ali kokadya. Pulogalamu yomweyo, yosasintha ngakhale chilembo chimodzi. Kumeneko inangoti Monire a, basi, kutsogolo kopanda kanthu. Nditabwerera pa yawo ija n'kuyatsa, dzina linabwera.

Inu mukanaganiza chiyani, akulu anga? M'mapepala dzina mulibe, pa makina ena silibwera, limangobwera pa makina amene iwo ankagwira. Ine ndinati ndiye kuti ali momwemo. Ndinayamba kuphimba kompyutayo ndi nsalu yoyera poweruka. Sindinkalola munthu kuisuntha ngakhale posesa. Magetsi akathima pakati pa ntchito ndinkamva ngati ndawatsekera mumdima, ndipo akayaka ndinkathamanga kukayatsa anzanga asanaganize n'komwe. Kutchalitchi ndinaima kawiri pakhomo la abusa, kawiri konse ndinabwerera, poti ndikanayamba ndi mawu ati? A Anderson ataona kuti ndikuonda anandiuza mwaulemu kuti ndipite kuchipatala akandiyeze magazi. Ndinapita kuti ndiwakhazike mtima pansi. Sanandipeze ndi kanthu.

Panalinso chifukwa china chimene sindinalembere kumudzi. Pamaliro paja a Anderson atauza amalume kuti ndisachedwe kubwerera chifukwa ntchito ya malemu ikudikira ine, akazi a amalume ananena mawu kuseri kwa msasa, akuyesa kuti sindikumva. Anati ena amalira ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana mpando. Inu munamva, chifukwa munanditsina kuti ndisayankhe. Ndinkadziwa kuti ndikangonena kuti malemu sakuchoka pampando umene ndakhalapo ine, mawu aja amera mizu.

Mwezi watha kampani inabweretsa makompyuta atsopano, olumikizana ndi a ku ofesi yaikulu. Anabwera nawo mayi wina wa ku Chipata, dzina lawo a Tryphena, amene ntchito yawo ndi kulemba mapulogalamu. Amavala buluku, amaseka mokweza, ndipo tsiku loyamba lomwe anayamba kunditcha amayi a chimanga. Anaika pulogalamu ya alongo athu pa makina atsopano. Kuwerengera inawerengera bwino, koma tsiku sinalembe, ndipo kusindikiza inakaniratu. A Tryphena anagwira m'chiuno nati, "Amene analemba ichi anali na nzelu, koma mwana wake anamukwatitsa kwa DOS, ukwati wa mu chalichi, kulibe kusudzulana." A Anderson anawanong'oneza kuti wolembayo anali mlongo wanga ndipo anamwalira. Anasiya kuseka, anabwera kudzandigwira paphewa n'kupepesa.

Mwina ndi kupepesako kumene kunandimasula pakamwa. Patapita masiku atatu ndinawapempha kuti abwere molawirira mawa lake, a Anderson asanafike. Anabwera. Ndinachotsa nsalu, ndinayatsa, ndinawaonetsa. Ndinawaonetsanso mapepala anga aja, okhala ndi kachizindikiro ka pensulo pa mzere uliwonse. Anandifunsa ngati onsewo ndinawerenga ndekha, ndinati kawiri. Anandifunsa ngati ndakhala ndikuona zimenezi kuyambira chaka chatha osauza munthu, ndinati inde. Anakoka mpando n'kukhala pansi, nati mwana iwe.

Kenako anandifotokozera, ndipo ndiyesa kulemba monga ananenera, chifukwa inu mudzafunika kuwafotokozera amalume. Anati makina paokha samva chilankhulo chimene a Danwell ankalembera, chotchedwa BASIC. M'kati muli womasulira, ngati uja amaima pambali pa mlaliki wachilendo, amene amatenga mzere umodzi n'kuuza makina, kenako wina, kenako wina. Womasulirayo kuwerengera amatha yekha, kulemba pagalasi amatha yekha, ndipo kulikonse kumene wapita amachita chimodzimodzi. Koma iye ndi mlendo m'nyumbamo. Pali zinthu zimene si zake, monga makina osindikizira, tsiku la mwezi, ndi zina zosungidwa. Zimenezo amakapempha kwa mwini nyumba, amene pa kompyuta yakaleyi dzina lake ndi DOS. Alongo athu anadziwa bwino kapemphedwe kake, n'chifukwa chake pulogalamu yawo inkayenda mosavuta. Makina atsopanowa ali ndi mwini nyumba wina wa malamulo ena. Ukapempha monga umapemphera kwa DOS amangokuyang'ana.

Ndiye analoza mzere 40 uja, umene ndinauona kambirimbiri. Ndaukopera apa chilembo ndi chilembo:

40 PRINT "Monire a ", ENVIRON$("DZINA")

Ine ndinkayesa kuti mawu oti DZINA angokhalapo chabe. A Tryphena anati tanthauzo lake n'lakuti, pita kwa mwini nyumba, ukamupemphe chimene chili m'chitini cholembedwa DZINA, ubwere nacho kuno. N'chifukwa chake m'pulogalamu dzina munalibe. Linali m'chitini cha mwini nyumba, osati m'chikwama cha mlendo. Ndipo ku kompyuta ya kosungira matumba chitini chimenecho kunalibe.

Ndinafunsa kuti nanga anaika dzinalo m'chitini ndani. Anati DOS ili ndi kapepala kake kamene imawerenga ikangodzuka, ndipo anakatsegula pagalasi. Ine kumeneko sindinafikeko ndi kale lonse, chifukwa alongo athu anandiuza kuti kunja kwa pulogalamu ndisamagwireko. Panali mizere isanu ndi itatu. A Tryphena anayamba kuwerenga mokweza, akuyendetsa chala. Atafika pakati anaima. Panali mizere iwiri iyi:

SET DZINA=DANWELL
REM SET DZINA=NORAH

Ndinafunsa kuti dzina langa likufuna chiyani pamenepo. Anati mzere woyamba ndi umene umaika dzina m'chitini mmawa uliwonse. Wachiwiri ndi wofanana nawo, koma zilembo zitatu zili kutsogolozo zimauza makina kuti uwu udumphe, usauwerenge. Anati olemba mapulogalamu amatero akakonzeratu chinthu chimene nthawi yake sinakwane. Munthu angofufuta mzere wapamwamba, n'kuchotsa zilembo zitatuzo, mawa lake makina apereka moni kwa wina.

Anandionetsanso kuti DOS imasunga tsiku limene kapepalako kanagwiridwa komaliza. Linali 18 Ogasiti chaka chatha, nthawi itangopitirira 12 koloko masana.

Akulu anga, tsiku limenelo ndikulikumbukira. Linali Lachisanu. Nthawi imeneyo alongo athu anali ataonda kale, kolala ya shati ikuzungulira khosi, ndipo pokwera masitepe atatu a pakhomo ankapuma kawiri. Masana anandituma kukagula malalanje pageti. Ndinadabwa, chifukwa m'kamwa mwawo munali zilonda, lalanje sakanalikhoza. Ndinatero, iwo anati iwe pita, usamatsutse akulu, ndipo usathamange ngati wakuba. Nditabwerako ndinawapeza akuyang'ana galasi, manja ali pamiyendo. Atandiona anadina msanga, zimene zinalipo zinachoka. Malalanjewo anandipatsa ine. Lolemba lake sanathe kudzuka, ndipo kuntchito sanabwererenso.

Ndiye kuti ankadziwa. Kwa ife ankati ndi malungo, akuti pofika nthawi ya mvula akhala atachira, koma ankadziwa. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene sanamalizire okha. Mwina ankayembekeza kuti Lolemba abweranso. Mwina anaona kuti munthu sadzichotsa yekha akadali ndi mpweya. Mwina malalanje ndinagula msanga. Sindidzadziwa.

Ndinkaganiza kuti munthu akandifotokozera mantha adzatha. A Tryphena anandiuza kangapo kuti m'bokosimo mulibe munthu, muli mawaya ndi fumbi, ndipo anatsegula chivundikiro kuti ndione. Ndinaona, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma mzere umenewo alongo athu analemba ndi zala zawo, ndipo mmawa uliwonse umawaitana, ine n'kumavomera. Amalume anagawa malaya awo mpaka masokosi kuti pasakhale chowakokera m'mbuyo, pamene ine kuno ndinali kuwadzutsa tsiku ndi tsiku ndi batani. Nditawerenga za maloto a amayi ndinakumbukira batani limenelo. Kaya zikugwirizana kaya ayi, zimenezo akudziwa ndi akuluakulu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti ndinati palibe chatsala, pamene chilipo.

Mmawa womwe uja a Tryphena anati akonze mizere ija pompo, ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo anatambasula dzanja ku mabatani. Ndinawagwira pamkono. Mukundidziwa, ine sindigwira munthu, koma ndinawagwira mpaka anati, "Iwe amayi a chimanga, uzanithyola." Ndinawauza kuti kwathu chinthu cha malemu sachotsa mlendo, ndiponso sachotsa mwana ngati ine popanda mawu a amalume, ndipo munthu salowa m'malo mwa womwalira podziika yekha. Anati zimenezo akuzidziwa, nawonso ali ndi amalume. Anabweza dzanja.

Koma nthawi ilibe chisoni. A Anderson anena kuti Lachisanu pa 30 mwezi uno kompyuta yakaleyi aifufuta zonse za m'kati n'kuipereka ku sukulu ina. Ndinapempha kuti adikire mpaka Seputembala, anati galimoto anapangana nayo kale ndipo si iwo olamula. A Tryphena amaliza kulemba mwatsopano mizere yopempha tsiku ndi yosindikiza, kuti igwirizane ndi mwini nyumba watsopano. Mzere wa moni anafuna kuuchotseratu, koma ndinawapempha ausiye. Ndiye akufuna dzina loti aike. Ndawauza kuti ayembekeze. Pakali pano makina atsopanowo amangoti Monire a, n'kusiya malo.

Pempho langa ndi limodzi. M'kalata muno ndaikamo kapepala kamene a Tryphena anandisindikizira kuchokera pa kompyuta ya malemu, kokhala ndi mizere iwiri ija. Ameneyo ndiye katundu amene anatsala. Mukatenge inu ndi amayi, mupite nako kwa amalume a Haswell, muwauze zonse monga ndalembera, osachotsapo. Muwauzenso kuti ndinadziwa kuyambira Okutobala ndipo ndinabisa, ndipo ndikupepesa. Anene pa kapepalako mawu amene ananena pogawa malaya a malemu aja. Kenako andiuze zinthu ziwiri: ngati ndili wololedwa kufufuta dzina la malemu ndi dzanja langa tsikulo lisanafike, ndi mawu amene ndinganene pofufutapo, komanso ngati dzina langa lingalembedwe pamalopo. Sindikufuna kuti dzina lawo lichotsedwe ndi munthu wosawadziwa, pamodzi ndi zinyalala zina za m'makina, popanda wa kwathu woimirira pambali. A Esau anyamuka kuno mawa ndipo abwerera Lachiwiri pa 27. Yankho muwapatsire iwo, positi ichedwa.

Ndikudziwa chimene ndikuika m'manja mwa anthu. Akazi a amalume akaona dzina langa pansi pa la malemu, lolembedwa iwo akadali moyo, adzati mwaona, tinanena. Ndinaganiza zodula mzere wachiwiriwo ndi lumo kuti mulandire wapamwamba wokha. Lumo ndinaligwira ndithu Lamlungu nditachoka kutchalitchi. Koma mzere umenewo ndi mawu omaliza amene alongo athu analemba, ndipo analembera ine. Ndikaudula ndiye kuti ndanamanso, ndipo ndawanamizira iwo. Amene akufuna kunena anene. Inu mukudziwa amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa masabata asanu aja.

Amalume akati mpando umenewu si wanga, sindidzalimbana nawo. Ndidzawauza a Anderson apeze wina, ndibwerere ku mathireyi, kapena ndibwere kumudzi ndidzakuthandizeni kusoka fodya. Ntchitoyi ndimaikonda, sindinama. Ndi chinthu chokhacho chimene anthu anandiuzapo kuti ndimachita bwino. Koma sindingakhale pamalo pamene amayi akulephera kugona chifukwa cha ine.

Lero mmawa ndayatsa monga mwa masiku onse, chifukwa timapepala ta sabata ino tikusindikizabe pa yakaleyo. Mawu aja atabwera sindinati yewo. Ndinaimirira, ndinawatchula dzina lawo mokweza koyamba chimwalirireni, ndinawauza kuti ndaona chimene anandisiyira, ndi kuti ndikulembera kumudzi lero lomwe, amayi amva. Kenako ndinadina batani n'kuyamba ntchito. Thireyi yoyamba ndinaiwerenga katatu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo akuwakumbukira m'mapemphero ndipo asandikwiyire kwambiri. Moni kwa amalume a Haswell ndi akazi awo omwe. Moni kwa alamu, kwa Agnes ndi ang'ono ake, kwa azakhali a ku Magodi mukawaona, ndi kwa onse a kwaya. Mukapita kumanda kukalimirira, mundinenereko.

Tsalani bwino m'manja mwa Ambuye. Ndidikira a Esau pa siteshoni pa 27.

Ndine mng'ono wanu,
Norah.

Kapepalako musakapindenso. Ndakapinda kale kamodzi, pakati penipeni pa mizere iwiriyo, osakhudza chilembo. Amalume akafuna kulekanitsa ang'ambe potsata pamenepo. Chapamwamba ndi cha malemu, achite nacho monga anachitira ndi zinazo. Chapansicho, akandilola, mundibwezere.